Kachizindikiro ka m'dzina langa

Dzina langa ndi Ndaziona Mang'anda.
Pakati pa g ndi a pali kachizindikiro kolendewera,
ndipo fomu ya pa intaneti inakakana katatu.
Inati dzinali ndi lolakwika, lembaninso.
Ndinali m'laibulale ku Braamfontein,
kunja matakisi akuliza mahutala ngati pali ukwati.
Ndinakachotsa. Ndinasanduka Manganda,
munthu amene mayi anga sakumudziwa,
ndipo fomu inandilandira.

Ankafuna ophunzira oti alembe khodi miyezi itatu
pa pulogalamu ya zipatala zing'onozing'ono,
pulogalamu yopanda loko,
aliyense atha kuitsegula n'kuona za m'mimba mwake.
Malume a Gomiwa, amene amalondera magalimoto ku Randburg,
anandifunsa akuvula majombo:
"Ndiye iwe ulembe, anthu atenge ulele?
Kuno ku Joni ngakhale chimbudzi n'cholipira."
Ndinati zili ngati mjigo, malume,
aliyense amatunga, ukathyoka
amene ali ndi sipanala amabwera nayo.
Anaseka. "Wa kwathu uja unatha chaka uli wothyoka."

Asanasankhe anthu, ankafuna kuona kaye dzanja lako.
Ndinakumba khodi yawo masiku asanu ndi anayi
mpaka ndinapeza matenda omwe aja:
mzere umodzi wokana maina ngati langa.
Magetsi anali atazimitsidwa ku Yeoville,
batire itatsala pang'ono,
ndinakonza, ndinatumiza, ndinagona ndi nsapato.

Anandiyankha ndi mayi wina, Ilze, wa ku Riga,
mzinda umene ndinachita kuufufuza pa mapu.
Ndemanga khumi ndi imodzi, zonse zofiira.
Ndinatseka laputopu. Ndinatsika kukagula magwinya
ndipo ndinadyera pa masitepe, ndikutukwana chamumtima.
M'mawa ndinawerenganso bwinobwino.
Munalibe chipongwe. Munali mafunso okhaokha,
ndipo pansi penipeni analemba kuti
dzina la bambo ake lili ndi kamchira pansi pa n,
nalonso makompyuta amalidula.

Ndinabwereza kanayi.

Imelo inandipeza m'takisi yochokera pa Bree,
nditakhala kutsogolo, mpando wowerengera ndalama.
M'manja monse munali makobidi a anthu.
Ndinangoona mawu oyamba okha, akuti mwasankhidwa,
basi masamu anandithawa.
Dalaivala anakalipa m'Chizulu,
mayi wa kumbuyo akufuna chenji chake,
ine amene ndangopambana kumene pa za makompyuta
ndikulephera kuchotsa sikisitini pa fifite.

Juni wa kuno amaluma zala.
Ndinkalemba nditafunda bulangeti mpaka kumutu,
Lachiwiri lililonse nkhope ya Ilze pa sikirini,
kwawo dzuwa likukana kulowa, kwathu likuthawa msanga.
Tsiku lina ndinagwetsa pulogalamu yonse
chifukwa cha bulaketi imodzi yosatseka.
Ndinaulula ndisanafunsidwe, mtima uli m'mwamba.
Wina wa ku Recife anangoti nayenso anachitapo zomwezo,
ndipo tinakonzera limodzi.

Ndalama yoyamba itabwera ndinagulira malume magolovesi.
Anawavala m'nyumba momwemo, akutembenuza manja.
Za mjigo sanatchulenso.
Anangoti, "Tandilembera Ng'oma, dzina la agogo ako aamuna,
tione ngati chikana."
Sichinakane.

Penapake lero namwino amene sindidzamuona
akulemba dzina la wodwala monga mwini wake amalitchulira,
osadziwa kuti panali vuto.
Ine ndatsegula fayilo ya maina a olemba khodi,
ndatsika mpaka pa M,
ndabwezeretsa kachizindikiro kanga pamalo pake.